Sheer Greed ya Girl: kodi chimbalechi chinangofulumira kubadwa?

Nsambo_Zisanu:
Abale anga a pagulu pano, tikamakamba za glam metal timathamangira ku Los Angeles: Mötley Crüe, Poison, Ratt. Lero ndikufuna tikambe za chimbale cha ku London chomwe chinatuluka magulu onsewo asanamveke. Ndi Sheer Greed, chimbale choyamba cha gulu la Girl. Chinatuluka kumayambiriro kwa 1980 kudzera ku Jet Records, kampani ya Don Arden, bambo ake a Sharon Osbourne, yomwe inalinso ndi gulu la Electric Light Orchestra (ELO).

Anyamatawo anali asanu. Phil Lewis ndiye ankaimba, Phil Collen ndi Gerry Laffy anali pa magitala, Simon Laffy pa besi, Dave Gaynor pa ng'oma. Gululi linali litangoyamba mu 1979. Chimbalecho chinafika pa nambala 33 ku Britain, kenaka zii. Anatulutsa china, Wasted Youth, mu 1982, gulu n'kutha.

Maganizo anga ndi awa: Sheer Greed sichinagwe chifukwa chinali choipa. Chinatulukira pakati pa anthu olakwika, pa nthawi yolakwika. Too Fast for Love ya Mötley Crüe ndi ya kumapeto kwa 1981. Girl anali atavala kale zimenezo, ataimba kale zimenezo. Amene munachimverapo, ndithandizeni: ndikunama?

Tiyamike_265:
Achimwene, pepani ndifunse kaye. Glam metal imasiyana bwanji ndi metal inayo? Ine m'makutu mwanga ndimangomva magitala olira basi.

Nsambo_Zisanu:
Funso labwino, mlongo wanga. Magitala ndi olemera ngati a metal ina iliyonse, koma nyimbo imamangidwa kuti munthu ayigwire msanga: yaifupi, kolasi yoti khamu lonse liyimbe pamodzi, mawu a chikondi, maphwando ndi moyo wa m'tauni usiku. Metal inayo imakonda za nkhondo, mdima ndi nthano zakale. Kusiyana kwina ndi kavalidwe. A glam amatukumula tsitsi, amadzola m'maso ndi pamilomo, amavala zothina zonyezimira. Pasiteji amafuna maso ako akhute mofanana ndi makutu.

Mdala_wa_Zomba:
Ana anga, ndiloleni ndiikepo mawu, poti zina mwa izi zinachitika ine ndili kale ndi ndevu. Zodzoladzolazo sanayambitse ndi Girl ayi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 ku Britain kunali T. Rex ya Marc Bolan, kunali David Bowie, kunali Slade ndi Sweet. Amenewo ndiwo makolo. Ife tinkawamvera pa mbale zakuda zomwe achibale ogwira ntchito ku Salisbury (Harare ya lero) ndi ku Joni ankabwera nazo pa tchuthi. Nyimbo tinkazikonda kwambiri, koma chikuto chinkakhala m'sutikesi. Kumbukirani kuti nthawi ya a Kamuzu lamulo linkaletsa mwamuna kusunga tsitsi lalitali, ndipo alendo ena ankametedwa akangotsika ndege. Ndiye chithunzi cha amuna odzola milomo sichinali choti n'kupachika pabalaza.

Chomwe ndikufuna muone n'chakuti pofika 1980, kwa achinyamata a ku Britain glam inali nkhani ya dzana. Punk inali itadutsa n'kusesa zonsezo. Ndiye mukati Girl anafulumira, wina atha kunena kuti anachedwa. Kwa Angelezi anzawo ankaoneka ngati akubwereza za 1973.

Nsambo_Zisanu:
Zikomo amalume, mwatsegula mbali imene ndimafuna tifikeko. Komabe mverani Hollywood Tease, nyimbo yoyamba pachimbalepo. Liwiro lake si la Sweet. Ndi nyimbo yaukali, yothamanga, Collen akung'amba solo ngati munthu woti wamvera bwino Van Halen. Anatenga nkhope ya 1973 n'kuyiveka pa magitala a 1980. Kusakaniza kumeneko ndiko kunadzalemeretsa anthu ku America patapita zaka zochepa.

Chitsulo_Ndirande:
Ayi achimwene, pamenepo sindikuvomerezani. Tiyeni tiyale zimbale za chaka chomwecho cha 1980 ku Britain. Iron Maiden anatulutsa chimbale chawo choyamba. Saxon anatulutsa Wheels of Steel. Judas Priest, British Steel. Motörhead, Ace of Spades. Black Sabbath, Heaven and Hell, ndi Ronnie James Dio. Ozzy Osbourne anatulutsa Blizzard of Ozz ku Jet komweko kumene kunali Girl. Mundiuze moona mtima, Sheer Greed ingaime pamzere umenewu?

Ine ndachimvera kuyambira koyamba mpaka kothera. Hollywood Tease ndi moto, sinditsutsa. My Number ndi yabwino. Koma pakati pali nyimbo zomwe ukamaliza sukumbuka kuti zimati chiyani. Gulu silinali litasankha njira. Apa rock yolimba, apa za pop, apa Passing Clouds yoyenda ngati reggae. Ndipo nyimbo imodzi mwa zomwe anthu amazikumbukira kwambiri, Do You Love Me, si yawo, ndi ya Kiss ya pa Destroyer ya 1976. Gulu likamadziwika ndi nyimbo yobwereka pa chimbale choyamba, pali vuto penapake. Tisamanamizire nthawi pamene nyimbo zinali zosakwana.

NaBanda_Cardiff:
A Chitsulo, kusakaniza kumene mukudandaulako ndi kumene ine ndimachikondera chimbalechi. Chimamveka kuti ndi cha anyamata a mu London amene amamva zonse zomwe zikuimbidwa mumzindamo. Nthawi imeneyo The Police ndi The Clash ankalowetsa reggae mu rock ndipo palibe ankadabwa. Girl atachita zomwezo, anthu a metal ndiwo anakwinya nkhope, chifukwa iwo ankafuna chinthu chimodzi chokha kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza.

Chitsulo_Ndirande:
Achemwali, The Police anali ndi nyimbo zoti ngakhale agogo amaziimba akusesa. Girl analibe. Ndi pomwe pali nkhani.

Nsambo_Zisanu:
A Chitsulo, mndandanda wanuwo ukundithandiza ine. Onani amene ankagula zimbale zimenezo. Anali anyamata a m'mizinda ya mafakitale, Birmingham, Sheffield, Barnsley kwawo kwa Saxon, Newcastle. Thatcher anali atangolowa m'boma mu 1979, ntchito za m'mafakitale zikutha, anthu osowa ntchito akuchuluka mwezi ndi mwezi. Yunifolomu yawo inali jinzi ndi jekete lachikopa. Ankafuna kuona pasiteji munthu wofanana nawo, woti mawa atha kukumana naye pabasi. Nyuzipepala ya Sounds, kudzera mwa mtolankhani Geoff Barton, inali itaupatsa dzina mtunduwu mu 1979, New Wave of British Heavy Metal, ndipo gulu lililonse latsopano la magitala olemera linkaponyedwa m'thumba limenelo. Girl anaponyedwamonso.

Ndiye taganizani mnyamata amene wachoka kufakitale, walipira tikiti ndi ndalama yovutikira, akuona amuna asanu a ku London, odzola m'maso, ndipo dzina la gulu lawo ndi Girl. Asanamve ngakhale nsambo imodzi, wagamula kale mlandu. Khutu limamva zimene diso lalola.

Chinanso, MTV inayamba mu Ogasiti 1981, ku America. Sheer Greed inatuluka kusanakhale kanema wa nyimbo usana ndi usiku. Gulu lomwe theka la mphamvu zake linali m'maonekedwe linali ndi malo ochepa oonetsera nkhope, makamaka pasiteji ndi m'nyuzipepala za inki yakuda. Poison ndi anzawo anapeza msewu utalambulidwa kale.

Kopala_Mufulira:
Muli bwanji nonse, ine ndikulemba kuchokera kuno ku Zambia. Nonse awiri muli ndi mbali ya choonadi, koma mukusiya munthu mmodzi amene akufotokoza zambiri. Tsatirani Phil Collen. Mu 1982 Def Leppard anachotsa Pete Willis ali mkati mojambula Pyromania, n'kuitana Collen. Munthu yemweyo, zala zomwezo. Pyromania inatuluka mu Januwale 1983, inafika pa nambala 2 ku America, kumbuyo kwa Thriller ya Michael Jackson, ndipo inadzagulidwa makope oposa 10 miliyoni kumeneko. Chinasintha n'chiyani pakati pa Sheer Greed ndi Pyromania? Collen sanaphunzire gitala m'zaka ziwiri zimenezo. Anali katswiri kale.

Chinasintha ndi amene anakhala pa makina mu situdiyo. Robert John Lange, amene dziko limamudziwa kuti Mutt Lange. Munthu ameneyu anabadwira kuno ku Mufulira mu 1948, nthawi ya Northern Rhodesia, n'kukakulira ku South Africa. Ndi yemwe anajambula Highway to Hell ndi Back in Black za AC/DC. Kagwiridwe kake ka ntchito kanali kosiyana ndi ena. Ankaphwasula nyimbo n'kuyimanganso, kachidutswa kalikonse kabwerezedwe mpaka kakhale bwino, mawu a kolasi ankawasanjikiza kambirimbiri mpaka amveke ngati bwalo lonse la mpira likuimba. Miyezi inkatha ali pa chimbale chimodzi.

Sheer Greed imamveka ngati gulu lalowa mu situdiyo, laimba zomwe limaimba ku kalabu ya Marquee ya ku London, latuluka. Imeneyo ndi mphamvu yake komanso kufooka kwake. A Chitsulo akamati nyimbo zina sizikumbukika, ine ndimamva nyimbo zomwe zinasowa munthu wouma mtima woti anene kuti kolasi iyi sinafike, bwererani mukalembenso.

Chitsulo_Ndirande:
Apa ndiye mwalankhula, achimwene a ku Kopala. Ndi zomwe ndimanena: ufa unalipo koma nsima sinapse. Kusiyana kwathu n'kwakuti inu mukuti anasowa wophika, ine ndikuti gulu labwino limayenera kudziphikira. Chimbale choyamba cha Iron Maiden nachonso sichinajambulidwe bwino, Steve Harris mwiniwake sanakondwe ndi kamvekedwe kake, koma nyimbo zake zikuimbidwabe mpaka lero.

Kopala_Mufulira:
Zoona, koma Maiden anali atazungulira m'mabala a East London kuyambira 1975, akusula nyimbo zomwezo pamaso pa anthu. Girl anayamba mu 1979, chaka chisanathe bwino ali kale mu situdiyo. Anapatsidwa mwayi asanakhwime. Kuno tinaziona ndi magulu athu a Zamrock, rock ya kuno ku Zambia, WITCH, Amanaz, Ngozi Family ya Paul Ngozi: amene ankaimba usiku ndi usiku m'mabala a ku migodi ndiwo ankafika mu situdiyo ali ndi nyimbo zolimba. Siteji ndi imene imachotsa zosafunika mu nyimbo.

Mphunzitsi_Kasungu:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Nyimbozo ndazimvera lero ndipo luso la magitala ndalimva. Koma chondivuta ine ndi ichi, ndipo ndikufunsa moona mtima: n'chifukwa chiyani mwamuna wodziwa kuimba chonchi afunikire kudzola ngati mkazi? Ndikuona ngati ankabisa kanthu kuseri kwa utoto. Mwina anthu a ku Britain amene anawakana anali ndi chifukwa.

NaBanda_Cardiff:
A Phunzitsi, funso lanu si lachilendo, ndi lomwelo lomwe anyamata a jinzi aja ankafunsa mu 1980. Ine ndimaziona chonchi. Siteji ndi malo a zisudzo. Kiss ankapaka nkhope zonse utoto, Alice Cooper chimodzimodzi, Bowie ankasintha maonekedwe chimbale chilichonse. Woimba amavala chinthu choti wokhala kumbuyo kwenikweni kwa holo amuone ndipo asamuiwale. Kwa anyamata okulira m'misewu yotuwa ya Britain wa nthawi imeneyo, kuvala zowala inali njira yonenera kuti moyo wanga suthera pa mzere wodikira ntchito. Mutha kusakonda maonekedwewo, ndi ufulu wanu, koma kubisa kusowa luso ayi. Collen wakhala mu Def Leppard kuyambira 1982 mpaka lero, utoto anausiya kalekale, luso lili pomwepo.

Mdala_wa_Zomba:
Mwana wanga NaBanda wanena bwino. Ndiwonjezere chinthu chimodzi chimene chimandiwawa pa nkhani yonseyi. Mu 1983 Quiet Riot, gulu la ku Los Angeles, linatenga Cum On Feel the Noize ya Slade, nyimbo ya 1973, n'kuyiimbanso. Chimbale chawo Metal Health chinafika pa nambala 1 ku America, choyamba cha metal kufika pamenepo. Nyimbo ya anyamata a ku Wolverhampton ndi madera ozungulira ndi imene inatsegula chitseko cha glam metal ku America. Angelezi anali ndi chinthucho m'manja, anachitaya, kenaka anayamba kuchigula kwa Amereka. Girl anagwera pakati pa kutaya ndi kugulako.

Nsambo_Zisanu:
Amalume, umboni wina ndi Phil Lewis. Girl itatha anaimba ndi Bernie Tormé, amene anali wa gulu la Gillan ndipo anagwirizira kwa kanthawi kochepa kwa Ozzy, woimba gitala wake Randy Rhoads atamwalira mu 1982. Kenaka mu 1987 Lewis anaitanidwa ku Los Angeles kukaimba mu L.A. Guns ya Tracii Guns, yemwe anali m'gulu la oyambitsa Guns N' Roses. Chimbale chawo choyamba cha 1988 chili ndi nyimbo iti? Hollywood Tease. Nyimbo yomweyo, woimba yemweyo, patapita zaka zisanu ndi zitatu. Ku London inangodutsa, ku Sunset Strip, msewu wa makalabu ku Los Angeles, inakhala ngati inalembedwera komweko. A Chitsulo, pamenepa nyimbo sinasinthe. Anasintha ndi omvera.

Chitsulo_Ndirande:
Nyimbo imodzi, achimwene. Ndinavomera kale kuti imeneyo ndi yabwino. Lewis sanatenge chimbale chonse kupita nacho ku America, anatenga yokhayo imene inali yoyenera kutengedwa. Ndiponso L.A. Guns anadziwika kwambiri ndi The Ballad of Jayne ya pa chimbale chachiwiri, osati Hollywood Tease.

Musaiwalenso kuti Girl sanasowe mwayi. Mu 1980 anatsegulira Kiss pa ulendo wawo wa ku Britain. Kodi pali khamu lina lomwe likanalandira amuna odzola kuposa la Kiss? Anaima pamaso pa anthu oyenera, m'maholo akuluakulu. Zikanakhala kuti nyimbo zinali zokwana, bwenzi anthu amenewo atathamangira kukagula.

Nsambo_Zisanu:
Pa za Kiss mwandigwira pabwino, ndipo yankho langa ndi lochepa: gulu lotsegulira limaimba anthu akulowa ndi kugula zakumwa. Koma ndikuvomera kuti mwayi umenewo unali weniweni. Chomwe sindivomera n'chakuti chimbalecho chili ndi nyimbo imodzi. Bwererani ku My Number ndi Heartbreak America, mumvere mmene magitala a Collen ndi Laffy akuyankhirana. Mmodzi waukhondo ndi wothamanga, winayo wokhakhala. Ku Japan anthu anazimva zimenezi, gululi linali ndi otsatira kumeneko kuposa mmene kwawo kunkalipatsira ulemu.

NaBanda_Cardiff:
Poti ndimakhala ku Wales, ndikuuzeni za mbali inayo ya nkhaniyi. Kuno ku Cardiff kunachokera Tigertailz. Chimbale chawo choyamba, Young and Crazy, chinatuluka mu 1987 ku Music for Nations, Steevi Jaimz akuimba, Jay Pepper pa gitala, Pepsi Tate pa besi. Iwowa sanafulumire ayi, anabwera glam metal ili pachimake. Koma pofika nthawi imeneyo aliyense ankaiona kuti ndi katundu wa ku America, ndiye gulu la ku Wales lotukumula tsitsi linkatengedwa ngati lokopera. Chachiwiri, Bezerk, cha 1990, Kim Hooker ali woimba, chinalowa m'zimbale 40 zapamwamba ku Britain. Chaka chotsatira Nirvana anatulutsa Nevermind, makampani onse n'kutembenukira ku Seattle, komwe kunali Nirvana ndi anzawo. Pepsi Tate anamwalira ndi khansa mu 2007, koma anthu achikulire okonda rock kuno amamutchulabe mwaulemu.

Pakati pa awiriwa panali Wrathchild ya ku Evesham, ndi Stakk Attakk ya 1984. Ndiye onani: 1980, 1984, 1987. Magulu atatu, nthawi zitatu zosiyana, palibe limene linaphulika. Mwina vuto silinali chaka. Mwina Britain sinkafuna glam metal yopangidwa ndi ana ake.

Kopala_Mufulira:
Ngakhale Def Leppard amene anapambana, anapambanira kunja kaye. Pyromania yomwe inkagulidwa mamiliyoni ku America, kwawo inathera pa nambala 18. Anthu a kwawo ankawanena kuti adzigulitsa kwa Amereka kuyambira pa nyimbo ya Hello America ya pa On Through the Night. Mpaka Hysteria mu 1987 ndi pamene Britain inawalandira n'kuwaika pa nambala 1.

Tiyamike_265:
Nanga The Darkness? Achimwene anga amawakonda kwambiri ndipo ndi a ku England. Si glam imeneyo?

NaBanda_Cardiff:
Ndi a ku Lowestoft, mlongo wanga, tauni ya m'mphepete mwa nyanja ku Suffolk. Permission to Land ya 2003 inafika pa nambala 1 ndipo anatenga mphoto zitatu za Brit mu 2004. Zovala zothina, masolo aatali, mawu okwera a Justin Hawkins, zonse zilipo, ngakhale magazi awo ndi a Queen, AC/DC ndi Thin Lizzy kwambiri. Koma pofika 2003 panalibenso anyamata a jinzi oti aziona zonyezimira ngati kunyoza umphawi wawo. Anthu ankatha kungosangalala. Girl sanapeze mtendere umenewo.

Mphunzitsi_Kasungu:
Ndamva mayankho anu, mayi NaBanda, ndipo za zisudzo zandimveka. Maonekedwewo sindinawazolowerebe. Koma ndamveranso Hollywood Tease, ya Girl ndi ya L.A. Guns motsatizana. Ya 1980 ndi imene yandigwira. Ili ndi njala mkati mwake, ngati anthu oti akudziwa kuti mwayi ndi womwewu. Ya 1988 ndi yosalala, koma njalayo yachepa.

Chitsulo_Ndirande:
Pamenepo a Phunzitsi tagwirizana, ya 1980 ndiyo yeniyeni. Ine ndikuimabe pomwe ndinaima: chimbale cha nyimbo zitatu kapena zinayi zabwino, choimbidwa ndi anthu awiri amene anali aakulu kuposa gulu lawo. Koma usiku uno ndibwerera ku Heartbreak America monga mwanenera a Nsambo, ndimvere magitalawo ndi mahedifoni.

Tiyamike_265:
Ine ndiyambire pati? Ndimvere chimbale chonse kapena ndisankhe?

Nsambo_Zisanu:
Chonse, mlongo wanga, motsatira mmene anachiyalira, si chachitali. Ukamaliza upite ku Photograph ya Def Leppard, udikire solo ya Collen, kenaka chimbale choyamba cha L.A. Guns. Wasted Youth uisiye kaye mpaka khutu lizolowere. A Chitsulo, mukamvera mutiuze ngati nambala yanu ikhalebe pa zinayi.